"Remove" ka 94 m'buku limodzi, kasitomala akufuna "chotsa" paliponse

Nachisale, Zomba

Akuluakulu ndi anzanga omasulira, madzulo abwino. Ndabwera ndi vuto ndipo tsiku lopereka ntchito ndi Lachisanu lomweli. Ndikumasulira buku la alangizi a zaumoyo a m'midzi, la chithandizo choyamba ndi chisamaliro cha amayi ndi ana, masamba 68. Linalembedwa kunja m'Chingerezi ndipo bungwe lina likufuna lizigwira ntchito kuno. Chigawo choyamba ndinatumiza sabata yatha, lero chabwerera chili psuu ngati dimba la tomato. Mayi amene akuyang'anira ntchitoyi kumeneko Chichewa sachidziwa, koma ali ndi pulogalamu ija yofufuza ngati mawu akufanana. Pamndandanda umene anandipatsa poyamba analemba kuti "remove" ndi "chotsa". Basi. Ndiye paliponse pamene ndalemba vulani, zulani, matulani, phulani, makina aika chizindikiro choti ndalakwa. Ndawerenga bwinobwino: liwuli likupezeka ka 94 m'buku lonse, ine "chotsa" ndamuika malo 31 okha. Uthenga wawo ndi woti ndikonze onse afanane, apo ayi malipiro a chigawochi adikira. Kodi ndigonje? Ngati ayi, munthu woti sangamve kusiyana kwa kuvula ndi kuzula ndimuyankha bwanji?

Tiyamike, Lilongwe

Pepani achemwali, ine zinandionekera ndi "apply" chaka chatha. Taponyani ziganizo zingapo pano tizione ndi maso, mwina kwina mukukanira zoti zikhoza kupita.

Nachisale, Zomba

Nazi zisanu ndi chimodzi za m'chigawo chabwereracho.

"Remove your gloves and wash your hands." Ndalemba kuti vulani magolovesi ndipo musambe m'manja.

"Remove the pot from the heat and cover it." Izi ndi za madzi akumwa, ndalemba kuti phulani mphikawo muuvundikire.

"Remove rings and bracelets before the limb swells." Za wolumidwa ndi njoka. Muvuleni mphete ndi zibangili mkono usanatupe.

"Do not remove clothing that is stuck to the burn." Musamatule nsalu imene yakakamira pabala la moto.

"Do not remove an object embedded in the wound." Musazule chinthu chimene chalowa m'thupi.

"If it hurts, remove the baby from the breast and try again." Apa ndinavutika, ndalemba kuti mulekanitseni mwana ndi bere muyesenso.

A Mbewe, Blantyre

Mayi Nachisale, ndiloleni ndiime kumbali ya kasitomala pang'ono wina asanandigende. Pa ziganizo zisanu zoyambazo, mutalemba "chotsani" palibe angafe. Chotsani magolovesi, chotsani mphika pamoto, chotsani mphete, mlangizi aliyense amva. Si Chichewa chokoma, ndikuvomera, chikumveka ngati cha pachikwangwani cha kubanki, koma nchomveka. Ndipo anthuwa sanapenge pofuna kuti mawu azifanana. M'mabuku a zachipatala ndi a zamalamulo, liwu likasintha wowerenga amayesa kuti chinthunso chasintha. Ine kukhoti nditati "bail" lero ndi belo, mawa ndi chikole, mkuja ndi kutuluka mongoyembekezera, woimbidwa mlandu angandifunse kuti pa zitatuzo wapatsidwa chiti. Ukakwatira kwa mphezi usaope kung'anima. Ntchito za mabungwe zimabwera ndi mindandanda yake, ndipo zolipira lendi ndi zomwezo.

Mayi Nangondo, Mulanje

A Mbewe, zisanuzo ndikusiyirani kaye, koma chomalizacho ayi. Ndinagwira unamwino zaka 27 ndisanayambe zowunika zomasulirazi, ndipo chiganizo chimenecho ndinachiona ndi maso anga chikuluma munthu.

Chimene bukulo likunena ndi chaching'ono. Mwana akagwira nsonga yokha ya bere, mayi amamva kuwawa, nsongayo imang'ambika, mkaka sutuluka bwino. Ndiye umamuuza mayiyo alowetse kachala kakang'ono, atasamba m'manja, m'kamwa mwa mwana cha kumbali kuti alekeze, kenako amuikenso atayasamula kwambiri kuti alowetse ndi chakuda chija chozungulira nsonga. Ntchito yosatha ngakhale mphindi imodzi. Koma kumudzi mukati mwana wachotsedwa kubere ndiye kuti wasiyitsidwa kuyamwa, mwina mayi ake ali ndi pakati pena kapena adwala.

Pachipatala china chaching'ono chimene ndinagwirako, mnzanga wachitsikana, wongochoka kumene kusukulu kumene zonse anaphunzira m'Chingerezi, anauza mayi wa mwana woyamba kuti akamamva kuwawa azimuchotsa kubere. Mayiyo anali ndi agogo ake pambali, atanyamula beseni la matewera, akugwedeza mutu kuvomera. Patapita masabata awiri anabwera kusikelo mwana atatsika. Agogo anali atayamba kumumwetsa phala lamadzimadzi ndi kasupuni, khanda la mwezi umodzi. Titafunsa anati, si adokotala omwe aja ananena kuti timuchotse? Ife tikulalikira miyezi 6 ya bere lokhalokha, liwu limodzi nkugwetsa zonse. Mwanayo anakwera bwinobwino, koma kuti mkaka wa mayi ake ubwerere inali ntchito ya masiku.

Ndiye Nachisale mwana wanga, pamenepo usalembe "chotsa" ngakhale akuopseze bwanji. Koma "mulekanitseni" wakoyonso sindinamukonde, akununkhabe kusiyitsa. Lemba zimene dzanja likuchita: lowetsani kachala m'kamwa mwa mwana kuti alekeze bere, kenako muikeninso bwino.

Nachisale, Zomba

Amayi, zikomo, ndasintha pompano. Nkhani ya agogoyo ndiipempha kuti ndiifotokoze mwachidule m'kalata yanga, popanda kutchula malo.

Aphunzitsi a Kamanga, Dedza

Ndachedwa, magetsi anali atathima. Ana inu, vuto lanuli lili ndi mankhwala ndipo mankhwalawo ali m'Chichewa momwemo.

Chingerezi chili ndi liwu limodzi lalikulu losasamala kuti chinthu chinafika bwanji pamene chilipo. "Remove" anachokera ku Chilatini, removere, kudzera m'Chifalansa chakale. Movere ndi kusuntha, re- ndi kubwerera m'mbuyo. Kaya ndi chipewa, kaya dzino, kaya nduna ya boma, iye amangoti chisunthe pamene chinali. Ife sititero. Ife timayamba tafunsa kuti chinafikapo bwanji, ndipo kawirikawiri mneni amene anachiika ndi yemweyo amene amachichotsa, atangovala -ula kumapeto. Chimene unavala umavula. Chimene unamata umamatula. Chimene unaphika umaphula. Chimene chinazikika umazula, nchifukwa chake dzino, msomali ndi mtedza zonse timazula. Unatseka, tsegula. Unavundikira, vundukula. Unayala mphasa, yalula. Ndinaphunzitsa zimenezi kusekondale zaka zambiri, ana nkumayesa ndi zongolembera mayeso, lero ndi izi zikuchedwetsa malipiro a munthu.

Tsono "chotsa" ndi wa banja lina. Iye ndi mwana wa "choka", monga "tulutsa" alili mwana wa "tuluka". Amangoti chititsa kuti chichoke, njira sanena. Nchifukwa chake a Mbewe akunena zoona kuti amalowa paliponse, ndipo nchifukwa chomwecho saphunzitsa dzanja chochita. Taonani chiganizo chanu cha moto chija. Mukati musachotse nsalu, munthu amene akunjenjemera chifukwa mwana wagwera m'madzi otentha akhoza kumva kuti asakhudze malaya onse, nkumusiya mwanayo m'malaya otentha. Mukati musamatule, mwamuuza kuti choletsedwa ndi kukoka kumene kungatengere khungu limodzi. Malaya enawo avule kapena adule mozungulira, bala alithire madzi ozizira mphindi 20. Chimodzimodzi "musazule". Aliyense amene anazulapo chikuni cha mpanda amadziwa kuti chimasiya dzenje, ndiye mwamuuza kale chifukwa chake mpeni kapena kamtengo kasiyidwe mpaka kuchipatala. Buku lanuli ndi la anthu ogwira ntchito ndi manja pamalo pamene wina akulira. Mneni wonena njira wagwira kale theka la malangizo.

Ndiye pa malo onse 94 dzifunseni funso limodzi: chinthuchi chinafika bwanji apa? Yankho likabwera ndi mneni wake, tengani wa -ula wakeyo. Likapanda kubwera, "chotsa" ndi wanu.

A Mbewe, Blantyre

Aphunzitsi, ndamva ndipo za moto ndagonja. Koma "phulani" uja, mtsikana wa ku Ndirande wophikira pa hotipuleti amamudziwa?

Mayi Nangondo, Mulanje

Amamudziwa. Akapanda kuphula nsima imapserera ngakhale pa hotipuleti. Nthawi ya kolera ija ya 2022 ndi 2023 tinkauza anthu kuti madzi akawira muphule, muvundikire, musapisemo kapu, ndipo palibe anafunsa tanthauzo.

A Tembo, Chipata

Moni abale a kutsidya. Kuno naconso tili naco, kungoti ife timalemba "cotsa" popanda h, ndipo a ku Lusaka amati "cosa". M'tauni "cosa" wadya anzake onse, cosa nsapato, cosa dzino, cosa mphika. Koma uthenga ukakhala wa ku Katete kapena ku Chadiza, timabwerera kwa vula ndi zula monga anenera aphunzitsi. Funsani kasitomala wanu kuti bukulo likawerengedwa kuti. Akati kumudzi, nkhani yatha.

Limbani, Leeds

Moni nonse kumudzi. Aphunzitsi anena mbali ya Chichewa, ine ndiwonjezere ya Chingerezi poti eni ake ndimawamva tsiku ndi tsiku. Achemwali, chida chanu chachikulu nchakuti Mngelezi mwiniwakeyo "remove" samulankhula kawirikawiri. Ndi liwu la papepala, la pabotolo la mankhwala, la m'kalata ya boma. Namwino wa kuno akafuna uvule jekete amati "take off". Dokotala wa mano amati "take out". Pulasitala amati "peel off", ndipo wotenga mbale patebulo amati "take away". Ndiye kusiyanitsa kumene mukuchita inuko iwonso amachita pakamwa, kungoti polemba amakubisa pansi pa liwu limodzi looneka laulemu. Mukawabwezera m'Chingerezi chawo kuti vulani ndi "take off", zulani ndi "pull out", matulani ndi "peel off", aona okha kuti simunapeke.

Komanso liwuli lili ndi matanthauzo ena oti "chotsa" sangafikeko nkomwe. Chaka changa choyamba kuno ndinkaona malole olembedwa "Removals", ine nkumati ndi otaya zinyalala, mwina nkumaopa kuti ndi a imigireshoni. Ndi osamutsa katundu anthu akamasintha nyumba. Akati chinthu chili "far removed from" china ndiye kuti nzosiyana kutalitali. Ndiye kuli "cousin once removed", amene sanachotsedwe kulikonse. Ndi mwana wa msuweni wako, kapena msuweni wa kholo lako, "removed" akungowerenga kuti mwasiyana m'badwo umodzi. Ndinakumana naye pomasulira nkhani ya chuma cha masiye, mpaka ndinapempha pepala ndijambule mzere wa banja, chifukwa "cousin" yekhayo kwa ife ndi vuto kale: mwana wa amalume ndi msuweni, koma mwana wa abambo aang'ono ndi m'bale wako basi.

Kumene limanditulutsa thukuta ndi ku nkhani za olowa m'dziko. Kwathu tonse timangoti wadipotedwa, kaya wachokera ku Lindela, malo osungira obwezedwa kwawo ku Krugersdorp ku South Africa, kaya wakwezedwa ndege ku Heathrow. Malamulo a kuno amasiyanitsa. "Removal" ndi kubweza munthu amene alibe chilolezo chokhala, monga amene viza yake inatha, ndipo zimayendera gawo 10 la lamulo la 1999. "Deportation" ndi yolemera, kawirikawiri ya wopalamula. Lamulo la 2007 linati mlendo wolamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposa apo adipotedwe pokhapokha pakhale zifukwa zapadera, ndipo sangabwererenso chilamulo chomudipotacho chisanafafanizidwe. Malo osungira anthu ngati Yarl's Wood ndi Harmondsworth amatchedwa "removal centre". Nditamasulira "removal" kuti kudipota ndiye kuti ndamuuza mayi amene anangopyola masiku a viza kuti boma likumuona ngati chigawenga. Ndimati kubwezedwa kwanu, ndipo loya akatchula linalo ndimaima kaye nkufotokoza kusiyana kwake. Pepani ndatalikitsa, ndili pa basi.

Tiyamike, Lilongwe

Musadabwe, uja amaponya za ngongole za pa intaneti ndamutulutsa m'gulu. Foni yalemba kuti "removed". Aphunzitsi, ameneyu ndamuzula kapena ndamumatula?

Aphunzitsi a Kamanga, Dedza

Anakakamira miyezi itatu osapereka ngakhale moni. Mwamumatula.

Tiyamike, Lilongwe

Tsopano za makina, poti mayi uja chimene akuona ndi zofiira, osati Chichewa. Pulogalamuyo sidziwa chilankhulo. Imangoyang'ana kuti kumanzere kuli "remove", kodi kumanja kuli "chotsa"? Ndiye musalimbane nayo, idyetseni mndandanda wabwino. Kaya akugwiritsa ntchito Trados kaya memoQ, zonse zimalola kuti liwu limodzi la Chingerezi likhale ndi mawu angapo ovomerezeka a chilankhulo chinacho, ndiponso kuti cholowa m'ndandanda chikhale mawu awiri kapena atatu pamodzi. Tsegulani Excel muike mizati inayi: mawu a Chingerezi pamodzi ndi chinthu chake, monga "remove gloves" kapena "remove from heat", kenako Chichewa chanu, kenako kubweza kwake m'Chingerezi monga wanenera Limbani, pomaliza chifukwa m'mawu ochepa. Mupeza kuti 94 uja akugwera m'magulu osapitirira khumi ndi awiri. Mukatero mukuwapatsa chimene akufuna, kufanana, kungoti kwa tanthauzo ndi tanthauzo. Magolovesi onse m'buku lonse avulidwe, pasapezeke tsamba lina pamene achotsedwa. Pamenepo a Mbewe akunena zoona ndipo muyambe mwadzifufuza nokha.

Chenjezo limodzi. Makinawa anapangidwa poganizira zilankhulo zimene mawu ake amasintha kumapeto. Athu amasintha kutsogolo ndi kumbuyo komwe: zulani, musazule, akachizula. Ndiye ngakhale alandire mndandanda wanu zofiira zina zitsala. Apempheni aike tsinde lokha, monga zul, vul, chots, ndipo muwauziretu kuti zotsalazo si zolakwa. Mukapanda kunena, abweranso Lolemba ndi dimba lina la tomato.

Nachisale, Zomba

Ndadzuka nazo. Ndachita monga mwanenera achimwene, magulu atuluka khumi ndi limodzi, ndipo ndapezadi malo awiri pamene ine ndemwe ndinalemba "chotsani magolovesi". Manyazi. Koma ndafika tsamba 52 ndipo ndaima. "After a miscarriage, refer the woman so that remaining tissue can be removed from the womb." Funso la aphunzitsi pano silikundipatsa mneni, ndiye kuti ndi malo a "chotsa". Koma dzanja likukana kulemba "chotsa" ndi "mimba" m'chiganizo chimodzi.

Mayi Nangondo, Mulanje

Dzanja lakolo lili ndi nzeru, limvere. Mimba yachoka ndi wachotsa mimba, pakamwa nzoyandikana, koma koyambako anthu amabwera kudzapepesa, kwachiwiriko amanong'onezana pamjigo. Mlangizi akamuwerengera mayi kuti apite kuchipatala akachotse za m'mimba, apongozi ali pakhonde amva zawozawo. Mayiyo akhoza kukana kupita kuopa mbiri, nkukhala m'nyumba magazi akutuluka, thupi likutentha, ndipo amayi ena timawataya motero. Yamba ndi mawu amene aliyense amawamvera chisoni: mayi akapita padera, mutumizeni kuchipatala msanga kuti akamuyeretse m'chiberekero. "Chotsa" asaonekemo, "mimba" asaonekemonso.

A Mbewe, Blantyre

Apa ndiye ndili nanu ndi miyendo yonse iwiri. Kuchotsa mimba ndi mlandu m'malamulo athu, magawo 149 mpaka 151 a Penal Code, ndipo gawo 243 ndi limene limateteza dokotala wochita opareshoni pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Buku lopita m'manja mwa alangizi mazana lisakhale ndi chiganizo choti wina angachiwerenge ngati bungwe likutuma anthu kukachita zimenezo. Muwauze choncho m'kalatamo. Mabungwe Chichewa chokoma sachiopa, koma loya amamuopa.

Poti mwatsegula fayilo, fufuzaninso pamene "remove" akukhudza munthu pa ntchito. Mabuku oterewa sasowa chiganizo chonena kuti wodzipereka amene sakubwera akhoza kukhala "removed" mu komiti kapena pa ndandanda ya ogwira ntchito sabata imeneyo. Kuchotsedwa pa udindo ndi kuchotsedwa ntchito ndi zinthu ziwiri. Chingerezi cha malamulo chimati "removal from office" pa udindo, ndi mawu amene ali pa gawo 86 la malamulo oyendetsera dziko lino, lonena za kuchotsa pulezidenti. Kutha kwa ntchito ya malipiro chimati "dismissal". Ife zonse ziwiri timaziyamba ndi "kuchotsedwa", ndiye liwu lotsatiralo ndi limene lanyamula mlandu. Mukalemba kuti achotsedwa ntchito pomwe angochoka mu komiti, mudzandipeza kukhoti ndikumasulira nkhani yanu yomwe.

Nachisale, Zomba

Chilipodi, tsamba 61. Ndalemba kuti akhoza kuchotsedwa mu komiti. Pali china cha dzina la wodwala amene wasamuka, "remove from the register", ndaika fufutani dzina lake m'kaundula. Cha wovulala pangozi, "remove the casualty from danger", ndaika musunthireni pamalo abwino. Zatsala ziwiri: ulusi wosokera bala, ndi njira yolera ya pamkono.

Aphunzitsi a Kamanga, Dedza

Ulusi anasoka, ndiye tikanati sokolola, koma palibe amanena choncho. Ya pamkonoyo analowetsa timitengo pansi pa khungu, ine ndingati kusolola.

Mayi Nangondo, Mulanje

Aphunzitsi, pano mundikhululukire, lamulo lanu lithere pakhomo la chipatala. Kusolola ndi zimene munthu amachita yekha, ngati kusolola udzu padenga. Timitengo timeneti, kaya ndi tiwiri ta Jadelle ta zaka 5 kaya kamodzi ka Implanon ka zaka 3, timatuluka atabaya jakisoni wochititsa dzanzi ndi kucheka pang'ono, ndipo wochita ndi wophunzitsidwa. Sindikufuna liwu lililonse lopatsa munthu maganizo oti akhoza kuyesa ndi lezala kunyumba. Amayi eni ake akabwera amati ndabwera kudzachotsetsa ya pamkono. Lemba momwemo: apite kuchipatala akachotsetse. Ka -etsa kameneko kakunena kuti wochotsa ndi wina. Lupu chimodzimodzi. Ulusinso kuwodi timangoti kuchotsa ulusi, wodwala amauzidwa tsiku lodzachotsetsa ulusi. Pamenepa mpatse kasitomala "chotsa" wake, asangalale.

Aphunzitsi a Kamanga, Dedza

Ndalandira. Odwala anayamba kulankhula galamala isanalembedwe. Koma mwaona kuti mwandikana ndi -etsa, amenenso ndinkaphunzitsa ine.

Nachisale, Zomba

Kalata yapita usiku wathawu. Sindinatalikitse. Ndinayamba ndi kuvomera kuti kufanana kwa mawu nkofunika ndipo ndakonza malo awiri amene ndinasokoneza ndekha. Kenako ndinaika zitsanzo zitatu zokha, cha bere, cha kupita padera ndi cha bala la moto, chilichonse ndi zimene wowerenga wa kumudzi angamve nditalemba "chotsa". Ndinawakumbutsa kuti iwonso polankhula amati "take off" ndi "pull out". Excel ndinamata kumapeto. Za Chilatini ndi za -ula ndinasiya, aphunzitsi musakwiye, ndinaona kuti mayiyo angayese ndikumuphunzitsa.

Yankho labwera m'mawa uno. Mndandanda aulandira wonse ndipo auika m'makina awo. Cha kupita padera ati achitumizanso kwa omasulira a zilankhulo zina kuti aone ngati kwawo kulibe msampha womwewo. "Chotsa" watsala malo 27. Koma apempha kuti ziganizo zonse 94 ndizibweze m'Chingerezi chimodzichimodzi kuti asunge m'fayilo, ndipo za ndalama sanatchule.

A Mbewe, Blantyre

Kubweza m'Chingerezi ndi ntchito ina, ili ndi mtengo wake. Werengani mawu, tumizani mtengo musanayambe, ndipo muwauze kuti imeneyo ifika Lolemba, osati mawa. Mukachita yaulere lero, buku lotsatira adzafuna lonse.

Nachisale, Zomba

Ndatumiza mtengo, avomera theka la umene ndimalipiritsa pomasulira, ndalola. Kamodzi komaliza ndisanatseke: "remove the bee sting by scraping it with a fingernail". Ndinalemba zulani mbola, poti inazikika.

Mayi Nangondo, Mulanje

Inazikikadi, koma bukulo likuti ndi chikhadabo, kuopa kuti munthu akatsina ndi zala afinya kathumba ka ululu kamene kamatsalira kumbolako. Ukati zulani atsina. Lemba kuti palani mbolayo ndi chikhadabo msangamsanga.

Nachisale, Zomba

Palani. Gulu lakhumi ndi chiwiri, la chiganizo chimodzi. Fayilo yapita.

A Tembo, Chipata

Amai Nacisale, Excel ija munganditumizireko kumbali? Buku longa lomwelo lafika kuno dzulo. Ma h ndicotsa ndekha.